Tsiku Limene Ndinathamangitsa Mzungu ndi Njinga

Zonsezi zinayamba ndi mimba, anzanga, osati ya akazi anga ayi, yanga yomwe ine Fabiano Makwinja. Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa esiteti ina ya fodya konkuno ku Chiradzulu, dzina lake tisalitchule, ndipo ntchito ya ukalaliki mukuidziwa inu, munthu umakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, chogwira ntchito ndi dzanja lamanja lokha basi, thupi lonse lotsalali limangodya n'kumakula. Ndiye mimba inakula. Inayamba ndi kudula mabatani a jekete, kenako inandibisira mapazi, ndipo kuchokera ku Likoswe, kumene ndinali pa chikamwini, kukafika ku ofesi ndinkafika ndili wefuwefu, malaya atanyowa ngati ndawoloka mtsinje wodzadza.

Tsiku lina ndinapita kuchipatala cha mishoni chifukwa cha phuma lomweli. Kunali sisitere wina wachizungu, wokalamba, Chinyanja chake chothyoka koma lilime lakuthwa ngati lumo. Anandikweza pa sikelo, n'kuyang'ana singano ya sikelo ija, n'kuyang'ana ine, kenako n'kufunsa mokweza pamaso pa amayi oyembekezera amene anali pamzere kuti, "Bambo, yanuyi ndi ya miyezi ingati?" Abale! Amayi aja anaseka mpaka wina anatsala pang'ono kuchirira pabenchi pomwepo. Sisitere uja anati mankhwala a matenda anga kulibe, ndichepetse kudya, ndiponso thupili ndiziligwiritsa ntchito, kaya kulima kaya kupalasa njinga. Za kuchepetsa kudyazo khutu langa silinamve bwino, za kulimazo mphepo inapita nazo, koma liwu loti njinga linalowa mpaka mumtima.

Muyenera kumvetsa, masiku amenewo munthu wa njinga sanali munthu wamba. Kutchalitchi ankamusiyira benchi lakutsogolo, pamaliro ankamufunira mpando pamene anzake akukhala pamiyala, akanena bodza anthu ankavomera kuti n'zoona. Aphunzitsi anali nazo, akapitawo anali nazo, aliyense wobwera ku Halale ankabwera nayo ngakhale alibe bulangete. Nanga ine kalaliki wathunthu, wodziwa kulemba Chingerezi chopendeketsa, ndizingopuntha fumbi ndi mapazi ngati mbuzi? Ndinaona kuti njingayi indithandiza ponseponse: ndizifika msanga kuntchito, mimba iphwa, ulemu ubwera. Vuto linali laling'ono, limodzi lokha, loti chibadwire changa, munthu wa ana akuluakulu, ndinali ndisanakhalepo pa chishalo cha njinga.

Loweruka lina ndinakwera lole ya esiteti kupita ku Limbe, n'kulowa m'sitolo ya Mmwenye wina, n'kusankha njinga yakuda bii, yonyezimira, ya belu lolira ngati la wansembe pa Misa, ya kaliyala kumbuyo. Mmwenye uja anandiyang'ana mimba, n'kuyang'ana njinga, nati, "Bambo, iwe dziwa kwera?" Ine mtima phwii kupsa. Ndinati, "Mukufunsa ine? Kalaliki?" Ndinatuluka nayo monyada, ndipo kuchokera pakhomo la sitolo ija mpaka ku Likoswe ndinaikankha. Eya, wapansi, njinga kudzanja. Inu mukuudziwa mtunda umene uja, ndinafika kunyumba nditatheratu.

Anthu m'njira ankafunsa, "Akalaliki, bwanji osakwera?" Ine yankho linali lokonzeka: "Yatsopano sikweredwa msanga. Matayalawa anawapangira misewu ya ku Mangalande, ayenera azolowere kaye dothi la kuno." Ndipo anthu ankagwedeza mitu kuti n'zoona, ophunzira amadziwa zambiri. Mwaona ubwino wa njinga?

Ndiye inakhala ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. M'mawa ndinkaipukuta, n'kumanga miyendo ya buluku ndi tizitsulo tija amamangira okwera njinga kuti buluku asakodwe mutcheni, n'kuvala chipewa, n'kuyamba kuikankha. Ndikaona anthu kutsogolo ndinkaliza belu kuti apatuke, ndipo ankapatukadi, ine n'kudutsa wapansi. Bodza la matayala litayamba kutha mphamvu, Mulungu anandikomera mtima, inafika nyengo ya Lenti. Ndinati ena asala nyama, ena asala mowa, ine ndasala kukwera njinga. Akatekisiti anafika ponditchula mu ulaliki ngati chitsanzo cha kudzimana!

Amene sananamizike ndi amake Rozina, akazi anga. Njingayo inkagona kuchipinda kwathu kuopa mame, ndiye tsiku lina akusesa anaima n'kuigwira chishalo, nati, "Bambo a Rozina, mukanangondiuza kuti mukufuna mitala. Ine chikwatiwire simunandigwirepo dzanja pamsewu, koma mkazi mnzangayu mumapita naye kuntchito mutagwirana, pobwera mutagwirana. Kodi adzakuberekani liti?"

Pasaka itadutsa ndinasowa pothawira. Ndinapita kwa alamu anga a Dominiko, mlongo wawo wa amake Rozina, munthu amene anakamenya nkhondo ku Bama n'kubwerako ndi mendulo imodzi ndi mawu aakulu osatha kunong'ona. Ndinawakokera kuseri kwa nkhokwe n'kuwaululira mwakachetechete. Iwo anakuwa kuti, "Ha! Alamu, simutha njinga?" mpaka nkhuku zinabalalika. Ndinawapempha m'dzina la oyera onse kuti atseke pakamwa, ndipo tinapangana kuti tiziphunzira Lamulungu masana, anthu akapita kumowa, pa kanjira kodutsa m'munda wa nandolo wa apongozi anga.

A Dominiko sankaphunzitsa ngati munthu, ankaphunzitsa ngati sajeni. Ankagwira kaliyala, ine ndili pamwamba, n'kumakuwa, "Lefuti! Raiti! Lefuti! Maso kutsogolo alamu, mukuyang'ana pansi mwataya chiyani? Palasani! Mukasiya kupalasa mwagwa!" Mawu amenewa muwasunge, chifukwa ine ndinawameza ngati katekisimu. Ndinagwera kumanzere, ndinagwera kumanja, ndinathyola nandolo wochuluka kotero kuti apongozi anga anayamba kutchera misampha poganiza kuti m'munda mwalowa nguluwe. Koma pang'onopang'ono chinthu chija chinayamba kundimvera, ndinkatha kuyenda kuchokera pa mtengo wa mango kukafika kumalire a munda osagwa.

Kenako tinafika pa phunziro la mabuleki. A Dominiko anati, "Finyani chitsulo icho!" osanena kuti chiti, ine n'kufinya cha tayala lakutsogolo ndi mphamvu zonse za dzanja la ukalaliki. Njinga inaima, inde. Amene sanaime ndine. Ndinauluka pamwamba pa mahandulo, mimba patsogolo, n'kukatera m'chitsamba cha chitedze. Mayo ine! Amene chitedze chinamugwirapo akudziwa chimene ndikunena. Ndinavina gule amene sanavinidwepo kuno, ndinavula malaya, ndinadzikhula ndi dothi, ndipo mawa lake ku ofesi ndinkalemba ndi dzanja limodzi, linalo lili kalikiliki kukanda malo osatchulika. Kuyambira tsiku limenelo zitsulo ziwiri zija ndinkaziona ngati njoka, zala zanga sizinkayandikirako. Ndikafuna kuima ndinkangokuwa kuti "Alamu!" iwo n'kuthamanga kudzagwira kaliyala.

"Za kuimazi tidzabwereza Lamulungu likubwerali," anatero a Dominiko. Koma pakati pa sabata anaitanidwa kumaliro ku Mulanje, ndipo maliro a kumeneko anali ndi mowa wambiri, sanabwere msanga. Munthu wanzeru akanadikira. Kodi ine ndinadikira?

Lolemba m'mawa ndinatulutsa njinga, ndinavala jekete, tayi, chipewa, n'kuuza amake Rozina kuti andigwirire kumbuyo ndikwere. "Kukwera mukwera," anatero, "nanga kutsika mukatsika bwanji? Achimwene kulibetu." Ndinati zonse ndaziwerengera. Musanafike pamtsetse wotsikira ku esiteti pali chulu m'mbali mwa msewu, pamenepo ndikatsamiritsa phazi, ndikagwa mwaulemu popanda ondiona, kenako ndikaikankha monga mwa masiku onse. Amake Rozina anachita chizindikiro cha mtanda, n'kundikankha.

Anzanga, kukoma kwake! Kamphepo kakulowa m'jekete, mitengo ikuthawira kumbuyo, phiri la Chiradzulu likundiyang'ana ngati likuti wakula mwana wanga. Ndinadutsa anthu opita kudimba, ndinadutsa wina wosenza mtolo wa nsungwi, ndinkangomva m'mbuyo kuti, "Akwera! Akalaliki akwera!" Ndipo chulu chija chinaonekera. Tsoka lake, tsiku limenelo pachulupo panali amayi ogulitsa nthochi, atayala malonda awo pamalo penipeni pamene ine ndinakonza zogwera, ndipo atandiona anaimirira n'kuyamba kuwomba m'manja. Tsono ndiuzeni inu, kalaliki wa tayi angagwe pamaso pa amayi amene akumuwombera m'manja, n'kugweranso pa nthochi zawo? Ndinawongola msana, ndinakweza chibwano, n'kudutsa chulu chija ngati bwanamkubwa.

Mtsetse unandilandira.

Pano ndiyenera kukufotokozerani za kumene ndinkapita. Mwini ulamuliro pa esitetipo anali mzungu amene tinkamutcha Bwana Tsabola, chifukwa cha kufiira kwa nkhope ndiponso kuwawa kwa mtima. Lamulo lake linali loti munthu wakuda aliyense akafika pageti atsike njinga, avule chipewa, adutse atachigwira pachifuwa. Ine lamuloli silinandivutepo, poti ndinkafika nditatsika kale kuchokera kunyumba. Komanso chinali chaka chija dziko linkawira ndi nkhani ya chitaganya, anthu atatopa ndi thangata, azungu akuona mdani paliponse, munthu ukangotsokomola mokweza ankati wayamba ndale. Ndipo tsiku limenelo linali lolandira fodya. Anthu okhala pamalo a esiteti anali atadzadza pageti ndi mitolo yawo, Bwana Tsabola ataima pakati penipeni pa geti, chipewa chake cholimba chija kumutu, akuwauza kuti fodya wawo chaka chino ndi zinyalala. Anthu anali chete, kukhala chete kuja kumene kumaopsa.

Ndiye kumtunda kunatulukira ine.

Njinga inali itasanduka mphenzi. Munthu wodziwa akanasiya kupalasa, koma ine m'mutu munkangomveka mawu a alamu anga, mukasiya kupalasa mwagwa, ndiye ndinkapalasa, pamtsetse, ndi mphamvu zonse! Jekete likuuluka kumbuyo, tayi ali paphewa, maso ali tong'o. Ndinaganiza za mabuleki, thupi lonse linayamba kuyabwa pokumbuka chitedze. Ndinaganiza zoliza belu, chala chinakana kuchoka pa handulo. Ndinaganiza zovula chipewa, ndi dzanja liti? Anthu anamva phokoso n'kupatukira uku ndi uku, pakati panatsala munthu mmodzi yekha, wofiira, atagwira m'chiuno, akudikira kuti kalaliki wake atsike monga mwa lamulo. Chimene chinanditsalira ndi pakamwa pokha, ndipo ndinakuwa ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo:

"Chokani! Chokani bwana! Chokaniii!"

Bwana Tsabola anadikira mpaka anaona kuti tayala lija silikudziwa lamulo. Analumpha. Koma kumene analumphira kunali ngalande ya madzi a mvula, ndiye analowamo chagada, miyendo m'mwamba, chipewa chake n'kugubuduka mumsewu mpaka kukaima pamapazi a nkhalamba ina. Ine ndinadutsa pageti chipewa chili kumutu, ndikupalasabe. M'mbuyo nthungululu zinaphulika ngati paukwati.

Zimene anthu aja anaona zinathera pamenepo. Zimene sanaone ndi izi: ndinadutsa ofesi, ndinadutsa shedi ya fodya, ndinakhota kuseri kwa mabalani oumitsira fodya osafuna, ndipo kumeneko kunali khola la ng'ombe za bwana ndi dzenje limene ankakankhiramo ndowe. Ndinalowamo ndi njinga yomwe mpaka m'chiuno. Panali phee, ng'ombe zokha zikundiyang'ana uku zikubzikula, ndipo kunena zoona ndinathokoza Mulungu chifukwa cha ndowe zimene zija, zinali zofewa kuposa chitedze. Ndinakasamba kukhwawa, n'kulowa mu ofesi kudzera khomo lakumbuyo, n'kukhala pampando ndikununkha, kudikira imfa yanga. Bwana sanabwere tsiku lonse, akuti anapita kunyumba kukasintha ndipo sanatulukenso.

Madzulo ndikufika kunyumba, njinga kudzanja monga kale, ndinapeza pabwalo pali anthu. Wina wanyamula tambala, wina dengu la mbatata, wina chipanda cha thobwa. Nkhalamba ija chipewa cha bwana chinakaima pamapazi ake, a Namakhwa, inandigwira dzanja ndi manja awiri, misozi ikulengeza. "Akalaliki, tikhululukireni," inatero. "Ife timakuyesani galu wa mzungu, timakunenani kumbali kuti mimbayo ndi thukuta lathu. Osadziwa kuti mumakonzekera! Masiku onse aja mumakankha njinga, kodi mumayeza msewu? Ine ndabadwa kale, koma kumva munthu akuuza mzungu m'maso muli gwa kuti achoke, ndiponso kuona mzungu akuvulira chipewa munthu wakuda, ndaona lero. Ndikafa mawa palibe kanthu."

Apa ndi pamene munthu woongoka akananena zoona. Amake Rozina anali pakhonde akundiyang'ana, nsidze zili m'mwamba. Ine ndinatsokomola pang'ono, n'kuyang'ana kutali kuphiri, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Akuluakulu, zinthu zina sitikambira pagulu." Anthu anang'ung'udza mokhutira. Tambala uja tinadya tsiku lomwelo, ndipo anali wonona.

M'mawa mwake kukoma kunatha. Bwana Tsabola anandiitana mu ofesi yake, nkhope itafiira kuposa dzina lake, n'kutseka chitseko.

"Fabiano! Iwe kufuna ine kuchoka dziko lino?"

"Iyayi bwana, ndimati muchoke pamsewu pokha."

"Iwe kunena chokani! Anthu onse kumva! Ndani kutuma iwe? Misonkhano iwe kupita kuti?"

Anati ntchito yatha, ndipo akutumiza uthenga kuboma kuti apolisi adzanditenge ngati woyambitsa chipolowe. Ha, anzanga, pamenepo ungwazi wonse unathawa. Ndinaona ndende, ndinaona Rozina akuchotsedwa sukulu, ndinaona apongozi anga akuponya katundu wanga panja poti mkamwini wopanda ntchito ndi wa chiyani. Ndinavula chipewa, ndinavula ndi manyazi omwe, n'kunena kuti, "Bwana, ine sinditha njinga. Kukwera ndimatha pang'ono, kuima sinditha."

"Bodza! Ine kuona iwe ndi njinga masiku onse!"

"Ndimangoikankha bwana."

"Munthu kugula njinga ndi kukankha? Iwe kuyesa ine chitsiru?"

Nanga ndikanayankha kuti chitsirucho ndani? Bwana anaganiza pang'ono, kenako anati chabwino, aona yekha ndi maso. Ndikwere pabwalo la kutsogolo kwa ofesi, pamene panali posalala, pakati pali mtengo wa mbendera. Akaona kuti ndine mbuli pa njinga, nkhani yatha. Akaona kuti ndimatha, apolisi.

Mbiri inali itawanda kale kuti akalaliki akumangidwa. Antchito a m'shedi anasiya fodya, a m'mabalani anatuluka, a Namakhwa ndi anzawo anadzadza kumpanda, ndipo pakati pawo ndinaona amake Rozina atanyamula bulangete, poti anamva kuti kundende kumazizira. Mumtima ndinati palibe chovuta apa. Kugwa? Ine katswiri wa kugwa, amene ndinamaliza munda wathunthu wa nandolo? Ndingokwera, ndipalase kawiri, ndidzigwetse, bwana aseke, ntchito ibwerere. Ulemu wa dzulo upite, bola ana adye.

Kapitawo anandigwirira, ndinakwera, anandikankha. Ndinapalasa, n'kupendekera kumanzere kuti ndigwe. Manja anawongola okha. Ndinapendekera kumanja, manja anawongolanso! Thupi ili, anzanga, lili ndi nzeru zakezake, linayang'ana pansi pouma paja n'kukana. Njinga imene inandigwetsa Lamulungu lililonse, tsiku limene ndinaipempha kuti indigwetse inayenda myaa ngati ya wansembe. Ndinazungulira mtengo wa mbendera bwinobwino, ndinazunguliranso, msana uli chilili, ndipo ndikamayesetsa kugwa m'pamene ndinkakhota mokongola ngati ndikuonetsa luso. Ndinaona nkhope ya bwana ikusintha mtundu nthawi iliyonse ndikamudutsa.

"Fabiano! Ima!"

"Sindingaime bwana!"

"Ine kunena ima!"

"Sindiima bwana, sindingathe!"

Kumpanda kunamveka mawu a a Namakhwa: "Mwamva? Akuti saima! Mwamuna uyo!" Nthungululu zinayambanso, ena anayamba kuponda pansi ndi kuimba, ine ndikuzungulirabe, misozi ikutsika, ndikupempha Mayi Maria kuti anditumizire mwala, dzenje, galu, chilichonse. Bwana anatembenuka kuitana mesenjala woti athamangire kuboma.

Amene anandipulumutsa ndi amake Rozina. Anadzipanikiza pakati pa anthu, analowa pabwalo, anadikira kuti ndifike pamene anaima, n'kutambasula bulangete lija n'kundiponyera kumutu ngati akugwira nkhuku yothawa. Kunada bii. Ndinamva njinga ikupita kwake, ine kwanga, ndipo nditavundukula bulangete ndinapezeka ndili chafufumimba, mphuno itagunda nsapato ya Bwana Tsabola.

Amake Rozina anagwada mwaulemu wonse, manja pamodzi, nati, "Bwana, pepani. Bambo awa si andale ayi, ndi opusa chabe. Ine ndakhala nawo zaka zambiri. Kunyumba tili ndi tsekwe, akalusa bambowa amathawira m'nyumba n'kutseka chitseko, ndiye angathamangitse inu? Dzulo atakudutsani anakagwera m'dzenje la ndowe, buluku wawo ndachapa ndine. Ngati simukhulupirira kaoneni, chipewa chawo cha dzulo chikadali momwemo."

Bwana anatuma kapitawo. Kapitawo anabwera atanyamula chipewa chija pa kamtengo, chikudontha. Bwana Tsabola anayang'ana chipewa, anayang'ana ine pansi paja, kenako anaphulika ndi kuseka. Chiyambire ntchito pa esiteti ija palibe anali atamuonapo akuseka, tsiku limenelo anaseka mpaka anakhala pansi pa masitepe a ofesi akupukuta misozi. Ntchito inabwerera. Anangolamula kuti njinga yanga isadzaonekenso pafupi ndi geti, kaya ndakwera kaya ndikukankha.

Ndiye mukuganiza kuti anthu anandiseka? Ndi zimene ndinkayembekeza, ndipo mwina zikanakhala bwino. Koma anthu akafuna ngwazi, anzanga, safunsa ngwaziyo maganizo ake. Pofika madzulo nkhani inali itapsa kale: akuti ine ndi amake Rozina tinapangana, kugwa kuja kunali kochita kukonza, chipewa ndinachiponya dala m'ndowe kuti mzungu apusitsike. Ndinayesa kukana, ndinalumbira, a Dominiko atabwera ku Mulanje anachitira umboni ndi mawu awo aakulu aja kuti alamu awo ndi mbuli yotheratu, koma anthu ankangotsinzinirana diso, amvekere, "Eya, tamva, zinthu zina sitikambira pagulu." Dzina la Makwinja linafera pomwepo. Mpaka lero ndine a Chokani, ana anga ndi ana a Chokani, ndipo mtsetse uja akuutcha pa Chokani.

Patapita miyezi kunabwera aphunzitsi ena ochokera ku Blantyre, a magalasi, aulemu kwambiri, akuti mbiri yanga yafika kutauni, kumene akuti mzunguyo ndinamugunda dala ndipo azunguwo anali atatu. Anandiyang'ana ngati akuona woyera wa pa chithunzi cha m'tchalitchi, n'kunena chimene anadzera. Kukonzedwa msonkhano waukulu, anthu adzayenda pamodzi kuchokera ku Mbombwe kulowera kuboma, ndipo akuluakulu agwirizana kuti kutsogolo kwa gulu lonse kudzakhale ine, pa njinga.

Ndinafunsa funso limodzi lokha. "Aphunzitsi, njira imeneyo ili ndi mtsetse?"

"Ulipo wabwino kwambiri," anatero mosangalala, "ukuthera pakhomo penipeni pa apolisi."

Ndinawauza kuti ndidwala tsiku limenelo. Anati tsiku lake sanalitchule. Ndinati palibe kanthu, lililonse limene asankhe ndidwala. Kumsonkhanoko ndinapita ndithu, pakuti thangata ndinkadana nalo ngati wina aliyense, koma ndinapita wapansi, kumbuyo kwenikweni, pakati pa amayi obereka ana. Njinga ndinapatsa a Dominiko, ndipo ndikunena pano nonse mukumva: dziko lino lidzapeza ufulu, ine ndidzavina nawo, koma matako angawa kuti adzakhalenso pa chishalo, pokhapokha mutandimangirirapo nditafa kale, ndipo ngakhale pamenepo wina adzagwire kaliyala.